Kodi chithunzichi anachijambulira pati? Mmene amazindikirira nyumba ndi malo a pa zikuto za zimbale za jazz

Munthu amene wagwira chimbale cha Sonny Rollins chotchedwa The Bridge, chomwe kampani ya RCA Victor inatulutsa mu 1962, amayembekezera kuona mlatho pachikuto. Mbiri yake ndi yodziwika bwino: mu 1959 Rollins anasiya kuimba pagulu, ndipo kwa zaka ziwiri ankakwera pa mlatho wa Williamsburg mumzinda wa New York kukayeserera sakisofoni, chifukwa kunyumba kwake pa Grand Street sankafuna kusokosera anansi. Komabe pachikutocho palibe mlatho uliwonse, pali Rollins yekha ndi chida chake. Zimbale zina zili mosemphana ndi zimenezi, pakuti woimba amaoneka ataima pamsewu, kumbuyo kwake kuli nyumba yooneka bwinobwino, koma palibe pamene palembedwa kuti malowo ndi ati. Pa zimbale zoterezi okonda jazz ndi ofufuza mbiri ya mizinda amatsutsana kawirikawiri, wina kunena kuti ndi msewu uwu, wina kunena kuti ndi uwo, onse molimba mtima. Kuti timvetse gwero la kusamvanaku, tiyenera kuyamba ndi funso lakuti chikuto n'chiyani, tisanafike pa njira zimene ofufuza amagwiritsa ntchito.

Chikuto ndi ntchito yake

Chikuto ndi chikatoni chimene chimbale chimasungidwamo, ndipo kutsogolo kwake kumakhala chithunzi ndi dzina. Kale zimbale zinkagulitsidwa m'mapepala opanda chokongoletsa, kapena zingapo pamodzi m'chinthu chonga buku lokhala ndi matumba. Amene amatchulidwa kuti anasintha zimenezi ndi Alex Steinweiss wa kampani ya Columbia. Chosangalatsa n'chakuti chikuto chake choyamba, cha nyimbo zopekedwa ndi Rodgers ndi Hart chomwe chinatuluka mu 1940, chinali chithunzi cha nyumba: anapita ku Imperial Theatre pa West 45th Street, n'kupempha kuti zilembo za pachikwangwani chowala cha pakhomo zisinthidwe kwa kanthawi kuti zionetse dzina la chimbalecho, kenako anajambulitsa chithunzi. Nyumbayo inali yeniyeni, koma mawu a pachikwangwanicho anali oikapo dala, ndipo wofufuza aliyense ayenera kukumbukira kuti kusakaniza zoona ndi zokonza kunayamba tsiku loyamba lomwelo.

Mu 1948 Columbia inatulutsa chimbale cha mtundu wa LP, chimene chinkaimba nthawi yaitali, ndipo pofika chapakati pa zaka za m'ma 1950 zimbale za jazz zinali za mainchesi 12, zomwe chikuto chake chimapitirira pang'ono masentimita 30 mbali iliyonse. Kukula kumeneku n'kumene kumatheketsa ntchito yonse yofufuza malo, popeza pa chikuto chotere munthu amatha kuwerenga mazenera a nyumba yakutali kapena zilembo za pakhomo la sitolo. Koma ntchito ya chikuto inali kukopa wogula. Chili ngati chikwangwani cha pagolosale, chimene mwini wake amachilemba kuti anthu alowe. Sichili ngati chikalata cha malo, chimene chimalembedwa kuti chidzakhale umboni. N'chifukwa chake kumbuyo kwa chikuto amalembako mayina a oimba, tsiku lojambula nyimbo ndi dzina la wojambula chithunzi, koma malo a chithunzicho sankawalemba kawirikawiri.

Malo atatu a chimbale chimodzi

Kusokonezeka kwambiri kumachokera posasiyanitsa malo atatu: kumene nyimbo zinajambulidwira, malo amene dzina la chimbale likutchula, ndi pamene chithunzi chinajambulidwira. Zili ngati ukwati umene wadalitsidwira kutchalitchi, madyerero n'kuchitikira kuholo, koma zithunzi n'kukajambulira kumunda wamaluwa wa hotela ina. Amene angaone zithunzizo patapita zaka 50 n'kunena kuti ukwatiwo unamangidwira m'mundamo adzakhala atalakwitsa ngakhale kuti maso ake sanamunamize.

Nthawi zina malo atatuwa amakhala mumzinda umodzi. Ornette Coleman, David Izenzon ndi Charles Moffett anaimba pa 3 ndi pa 4 December 1965 mu kalabu ya Gyllene Cirkeln pa msewu wa Sveavägen ku Stockholm, ndipo zimbale ziwiri za At the Golden Circle zinachokera pamenepo. Pachikuto atatuwa aima panja, atavala majasi, pakati pa chipale chofewa ndi mitengo yopanda masamba ya m'paki ya Humlegården. Mzinda ndi womwewo, nyengo ndi yomweyo, koma kalabuyo sikuoneka. N'chimodzimodzinso Thelonious Alone in San Francisco cha mu 1959: Thelonious Monk anaimba piyano mu Fugazi Hall, koma William Claxton anamujambula atakwera imodzi mwa sitima zing'onozing'ono zokokedwa ndi chingwe zimene mzindawo umadziwika nazo.

Nthawi zina malowa amatalikirana kwambiri. Horace Silver anapita kukaimba ku Japan kumayambiriro kwa 1962, ndipo atabwerako anapeka nyimbo za The Tokyo Blues. Nyimbozo zinajambulidwa mu July chaka chomwecho ku Englewood Cliffs m'chigawo cha New Jersey, ndipo chithunzi chake ali pakati pa akazi awiri ovala kimono m'munda wokonzedwa mwachijapani chinajambulidwa ku America komweko. Amene angayambe kufufuza mundawo pa mapu a Tokyo sangaupeze ngakhale atafufuza chaka chathunthu.

Nthawi nayonso imasiyana. Nyimbo za Workin' za Miles Davis zinajambulidwa mu 1956, koma kampani ya Prestige inazitulutsa patapita zaka pafupifupi zitatu, ndipo Back at the Chicken Shack cha Jimmy Smith chinajambulidwa mu April 1960 n'kutuluka mu 1963. Tsiku lolembedwa kumbuyo kwa chikuto ndi la nyimbo, ndipo chithunzi chikhoza kukhala cha nthawi iliyonse pakati pa tsikulo ndi tsiku losindikiza, kapenanso cha kale kuposa pamenepo.

Chithunzi chokonzedwa ndi chithunzi chodulidwa

Pali zikuto zimene malo ake sanakhaleko n'komwe. Pa Underground cha Monk, cha mu 1968, woimbayu wakhala pa piyano m'chipinda chonga chobisaliramo asilikali a ku France olimbana ndi chipani cha Nazi, muli mfuti, mabomba, mabotolo a vinyo, ng'ombe ndi msilikali wa mdani womangidwa pampando. Zonsezi zinamangidwa mu situdiyo ya ojambula zithunzi ku New York, ndipo chikutocho chinapata mphoto ya Grammy. Ambiri a ife tinaonapo zithunzi zakale za achibale zojambulidwa mu situdiyo, munthu ataima patsogolo pa nsalu yopentedwa nyumba zosanja kapena ndege. Palibe amene amafunsa kuti bwalo la ndegelo lili kuti. Vuto limabwera pamene kukonzako kwachitika mwaluso kotero kuti sikudziwika.

Kudula n'kumene kumavutitsa kwambiri ofufuza. Kampani ya Blue Note, imene Alfred Lion anayambitsa mu 1939, inali ndi anthu awiri amene ntchito yawo imatchuka mpaka lero: Francis Wolff, mnzake wa Lion wochokera naye ku Berlin, yemwe ankajambula zithunzi, ndi Reid Miles, yemwe ankakonza zikuto kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1950 mpaka 1967. Wolff ankagwiritsa ntchito kamera ya Rolleiflex, imene imatulutsa chithunzi chofanana mbali zonse zinayi ngati chikuto chenichenicho, koma Reid Miles sankazengereza kudulapo kachigawo kochepa, kukakulitsa, kukapendeketsa kapena kukapaka mtundu umodzi wokha, wobiriwira kapena wabuluu. Ankachita ngati telala amene wapatsidwa chitenje chathunthu n'kusokapo kolala yokha: nsaluyo ndi yomweyo, koma maluwa ake sungawadziwenso. Zimene zinkatayika pa kudulako n'zimene wofufuza amazifuna kwambiri, monga denga la nyumba, mphambano ya misewu ndi chikwangwani cha dzina la msewu.

Palinso zosokoneza ziwiri zochokera ku kamera ndi kosindikizira. Filimu ikhoza kuikidwa chagada posindikiza, kumanja n'kukhala kumanzere, ndipo chimene chimaulula zimenezi ndi zilembo zotembenuka, mbali imene jekete lamangira mabatani, kapena mmene manja agwirira sakisofoni, poti dzanja lamanzere limakhala pamwamba. Chachiwiri ndi mandala a kamera. Mandala okokera zinthu zakutali amachititsa nyumba imene ili pamtunda wa kilomita kuoneka ngati ili kuseri kwa phewa la munthu, pomwe mandala otambasula amatalikitsa zinthu zoyandikana. Choncho kuzindikira nyumba ya kumbuyo sikutanthauza kuti wapeza pamene woimbayo anaponda.

Zizindikiro za m'chithunzi

Chizindikiro ndi chilichonse cha m'chithunzi chimene chimachepetsa malo oyenera kufufuzamo. Wofufuza amagwira ntchito ngati mlenje wolondola mapazi a nyama, amene sadalira phazi limodzi koma amaphatikiza phazi, udzu wogona ndi nthambi yothyoka. Pamenepa m'pamene pamafunika kuleza mtima, paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chizindikiro champhamvu kuposa zonse ndi zolembedwa. Pa Home Cookin', Jimmy Smith waima pakhomo pa malo odyera, ndipo dzina lake likuwerengeka: Kate's Home Cooking, malo a ku Harlem kufupi ndi Apollo Theater kumene oimba ankakonda kudyera. Dzina likapezeka, chotsala ndi kutsegula buku la manambala a telefoni la chaka chimenecho. Chotsatira ndi nyumba imene ilibe inzake. Pa The Stylings of Silver cha mu 1957, Horace Silver waima patsogolo pa likulu la United Nations, ndipo nyumba yagalasi ya nsanjika 39 ija ndi mbendera zake sizifuna umboni wina. Palinso zinthu zimene zimangopezeka pamalo ochepa: Dexter Gordon pa Doin' Allright cha mu 1961 wakwera ngolo yokokedwa ndi hatchi, ndipo ku New York ngolo zoterezi zinkadikirira alendo m'mphepete mwa Central Park.

Zomera zimathandiza, koma pang'ono. Pa Way Out West, chimene chinajambulidwa ku Los Angeles mu March 1957, Claxton anajambula Rollins m'chipululu atavala chipewa cha oweta ng'ombe, pansi pali chigaza cha ng'ombe. Mtengo wa Joshua umene ukuoneka pamenepo umamera makamaka m'chipululu cha Mojave, motero umatiuza dera, monga mmene mlambe m'chithunzi umauzira munthu kuti uku ndi kunyanja kapena kuchigwa, osati pamwamba pa phiri la Dedza. Koma mlambe sunena dzina la mudzi, ndipo mtengo wa Joshua sunena kuti ndi pa kilomita iti ya msewu.

Zambiri mwa zikuto sizikhala ndi mphatso zoterezi, ndipo ntchito imasanduka yowerenga. Wofufuza amawerenga mazenera a nsanjika iliyonse, amaona mmene njerwa zayalidwira pamwamba pa zenera, maonekedwe a mphumi ya denga, malo amene pali makwerero achitsulo othawirapo moto, ndi matanki amatabwa a madzi amene amakhala pamadenga a New York. Nyumba ziwiri zikhoza kufanana, koma n'kovuta kupeza mzere wa nyumba zinayi zotsatizana mofanana ndendende m'misewu iwiri yosiyana, ndipo mzerewo ndiwo umakhala ngati chidindo cha chala. Msewu nawo umanena nthawi. Njanji ya m'mwamba ya pa Third Avenue ku Manhattan inatsekedwa mu May 1955 n'kuphwasulidwa, choncho chithunzi choonetsa zipilala zake ndi cha nthawi imeneyo kapena cha kale. Fifth Avenue inakhala msewu wolowera mbali imodzi mu January 1966, motero magalimoto opita uku ndi uku pamsewuwo amasonyeza kuti chithunzi ndi cha chakacho chisanafike. Ngakhale mthunzi ndi mboni: misewu ya Manhattan inayalidwa mopendekera madigiri pafupifupi 29 kuchoka kumpoto kwenikweni, ndipo amene akudziwa zimenezi angathe kuyerekeza mbali imene kamera inaloza poona kumene mithunzi yagwera.

Zithunzi za m'nyumba zili ndi zizindikiro zakezake, ndipo pano mwayi ndi wakuti nyimbo zambiri za Blue Note ndi Prestige zinajambulidwa ndi munthu mmodzi, Rudy Van Gelder, m'malo awiri okha. Mpaka pakati pa 1959 ankajambulira pabalaza la makolo ake pa 25 Prospect Avenue ku Hackensack, ndipo m'zithunzi za nthawiyo mumaoneka zinthu za panyumba wamba, monga nyale ndi zotchingira mazenera. Kenako anasamukira mu situdiyo imene anamangitsa ku Englewood Cliffs, yokhala ndi makoma a mabuloko osapaka pulasitala ndi denga lalitali lamatabwa, yomwe pulani yake anajambula David Henken, wophunzira wa Frank Lloyd Wright. Amene waona khoma la mabuloko kumbuyo kwa woimba lipenga amadziwa malo ndiponso kuti chithunzicho si cha 1959 isanafike. Chenjezo lake n'lakuti Wolff ankajambulanso oimba pa nthawi yoyeserera, imene inkachitikira m'zipinda zina mumzinda.

Zolembedwa zakale zofananitsira

Chizindikiro chimangopereka ganizo, ndipo ganizolo limafunika kulifananitsa ndi chinthu china chosachokera kwa wofufuzayo. Mzinda wa New York uli ndi chuma chapadera pa nkhani imeneyi. Pakati pa 1939 ndi 1941, akuluakulu a misonkho anatumiza anthu kukajambula nyumba iliyonse m'zigawo zonse zisanu za mzindawo, ndipo m'chithunzi chilichonse munaikidwa kabolodi ka nambala ya buloko ndi ya puloti. Zithunzi pafupifupi 720,000 zoterezi zinaikidwa pa intaneti mu 2018 ndi nthambi yosunga zakale ya mzindawo. Ntchito yomweyo inabwerezedwa m'zaka za m'ma 1980. Zikuto zambiri zotchuka za jazz zimagwera pakati pa nthawi ziwirizi, choncho wofufuza amaona mmene msewu unalili zaka 15 kapena 20 chithunzi chisanajambulidwe, ndi mmene unalili zaka 20 kapena 30 pambuyo pake, n'kuyerekeza zapakatipo. Nyumba imene inamangidwa mu 1950 n'kugwetsedwa mu 1975 simupezeka m'magulu onse awiri.

Palinso mapu a kampani ya Sanborn, amene ankakonzedwera makampani a inshuwalansi ya moto. Mapuwa amaonetsa mpangidwe wa nyumba iliyonse, chiwerengero cha nsanjika, ndi zomangira zake pogwiritsa ntchito mitundu, njerwa mtundu wofiirira, matabwa wachikasu. Google Street View, imene inayamba mu 2007, imalola munthu ali kutali kuyenda mumsewu ndi maso, koma imaonetsa za m'zaka zathu zino zokha. Umboni wamtengo wapatali kuposa yonse ndi filimu yoyambirira ya wojambula, chifukwa pa filimu imodzi pamakhala zithunzi zingapo zotsatizana, ndipo chithunzi chimene sichinasankhidwe nthawi zambiri n'chimene chimaonetsa mbali ya msewu imene inadulidwa. Mafilimu a Wolff, yemwe anamwalira mu 1971, anasungidwa, ndipo Michael Cuscuna wa kampani ya Mosaic anawasamalira ndi kusindikiza ambiri mwa iwo m'mabuku.

Njira ina, imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri chifukwa imachokera pa kumvetsa mmene anthu ankagwirira ntchito, ndi kufunsa kumene ofesi ya kampani inali. Makampani a jazz anali aang'ono ndipo ndalama zinali zochepa, kotero wojambula sankayenda ulendo wautali ndi woimba. Ankatuluka naye panja n'kukhota pakona. Blue Note inakhalapo pa 767 Lexington Avenue, kenako pa 47 West 63rd Street, kenakonso pa 43 West 61st Street, ndipo ma adiresi amenewa anasindikizidwa pa zimbale zenizenizo. Chithunzi cha Joe Henderson pa Page One, chimbale cha mu 1963, chinajambulidwa pa Lincoln Center, malo a maholo a nyimbo ndi zisudzo, imene panthawiyo inali ikumangidwa, mtunda wa mphindi zochepa wapansi kuchokera ku ofesi yomalizayi.

Kulemera kwa umboni

Pabwalo la mfumu, mawu a munthu amene anaona ndi maso salemera mofanana ndi mawu a amene anangomva, ndipo mboni khumi zimene zonse zinamva kwa munthu mmodzi zimawerengedwa ngati mboni imodzi. Lamulo lomweli limagwira ntchito pano, ngakhale kuti ambiri amaliiwala akaona dzina la msewu litabwerezedwa m'malo ambiri.

Chitsanzo cha umboni wokwanira ndi chithunzi chimene sichinajambulidwire chimbale, koma chimasonyeza muyezo. Pa 12 August 1958, Art Kane anasonkhanitsa oimba jazz 57 pa masitepe ndi patsogolo pa nyumba ya 17 East 126th Street ku Harlem, pakati pa Fifth Avenue ndi Madison Avenue, ndipo magazini ya Esquire inasindikiza chithunzicho mu January 1959. Tsiku likudziwika, wojambula anafotokoza yekha, ena mwa amene analipo anajambula zithunzi zawo, Mona Hinton, mkazi wa mmodzi mwa oimbawo, anajambula kanema wachidule ndi kamera yake yapamanja, ndipo Jean Bach anafunsa oimba otsala mu kanema wake wa mu 1994. Nyumbayo ikadalipo, ndipo aliyense angathe kufananitsa masitepe ndi mazenera ake. Apa maumboni osadalirana akumana pamalo amodzi.

Mbali inayo kuli Cool Struttin' cha Sonny Clark cha mu 1958. Pachikuto pali miyendo ya mkazi wovala siketi yakuda akuyenda pamsewu, ndipo kumbuyo kuli mwamuna wovala jasi ndi zina zosaoneka bwino. Zimanenedwa kawirikawiri kuti malowo ndi kufupi ndi Rockefeller Center ndiponso kuti mkaziyo ndi Ruth, amene anadzakwatiwa ndi Alfred Lion. Zikhoza kukhala zoona, koma chikutocho pachokha sichipereka zizindikiro zokwanira kuti munthu aloze mwala umene nsapatoyo inaponda. Wolemba wosamala amasiyanitsa mawu atatu: zatsimikizika, zikuoneka choncho, ndi zimanenedwa.

Nyumba zogwetsedwa ndi mayina osamuka

Chimene chimalepheretsa kafukufuku wambiri n'chakuti malo ake kulibenso. Mawu akuti kukonzanso mzinda, pa nkhani ya America ya zaka za m'ma 1950 ndi 1960, amatanthauza ndondomeko imene boma linkalanda ndi kugwetsa dera lonse lomwe lalitcha lowonongeka kuti pamangidwe zatsopano. Lincoln Center inamangidwa motero, pansi pa ulamuliro wa Robert Moses, mkulu woyang'anira zomangamanga mumzindawo, pa dera la San Juan Hill ndi malo oyandikana nalo, kumene kunkakhala anthu akuda ambiri ndi ochokera ku Puerto Rico. Pulezidenti Eisenhower anakumba dothi loyamba mu May 1959, holo yoyamba inatsegulidwa mu September 1962, ndipo mabanja masauzande ambiri anasamutsidwa. Oikira kumbuyo ntchitoyo ankati nyumba zakalezo zinali zothithikana ndi zosayenera kukhalamo ndiponso kuti mzinda unapeza malo a zaluso otchuka padziko lonse. Otsutsa amati anthu a m'deralo sanafunsidwe mokwanira ndipo ambiri sanapindule ndi zomwe zinamangidwazo. Monk anakulira m'dera lomweli, pa 243 West 63rd Street, ndipo kachigawo ka msewuwo lero kamatchedwa ndi dzina lake. Choncho khoma loyera limene Joe Henderson anaima pafupi nalo linamangidwa pa bwinja la dera limene linalera mmodzi mwa akatswiri a nyimbo zomwe iye ankaimba. Pa bwinja la kumudzi pamatsala mitengo ya mango yoti munthu aloze kuti apa panali nyumba ya agogo, koma mumzinda ngakhale misewu ina inafafanizidwa pa mapu.

Pa 52nd Street, pamene makalabu a jazz anali ndandanda m'zipinda zapansi za nyumba zakale m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, lero pali nyumba zitalizitali za maofesi, ndipo maonekedwe akale timawadziwa makamaka kudzera m'zithunzi za William Gottlieb zosungidwa ku Library of Congress, nyumba ya mabuku ya boma la America. Lamulo loteteza nyumba zakale ku New York linabwera mu 1965, anthu atadandaula ndi kugwetsedwa kwa siteshoni ya sitima ya Pennsylvania kumene kunayamba mu 1963, ndipo pofika nthawiyo zambiri zinali zitapita. Mayina nawonso amasamuka. Kalabu ya Birdland yoyamba inali pa 1678 Broadway kuyambira 1949 mpaka 1965, pomwe ya masiku ano ili pa West 44th Street. Kalabu ya Five Spot inachoka pa Cooper Square kupita pa St. Marks Place mu 1962. Village Vanguard ndi imodzi mwa makalabu ochepa amene akhala pamalo amodzi, pa 178 Seventh Avenue South, kuyambira 1935. Nyumba ya ku Hackensack ija inagwetsedwa, pomwe situdiyo ya ku Englewood Cliffs inalembedwa m'kaundula wa boma wa malo a mbiri mu 2022.

Kuno kummwera kwa Africa nkhani yotere si yachilendo. Chimbale cha Abdullah Ibrahim, panthawiyo Dollar Brand, chimene anajambula ku Cape Town mu 1974 ndi Basil Coetzee ndi anzawo, chinatenga dzina la Manenberg, dera la ku Cape Flats kumene boma la tsankho linkatayirako anthu ochotsedwa m'madera monga District Six. Pachimbale dzinalo linalembedwa Mannenberg, ndi zilembo n ziwiri, ndipo kasiyanidwe kakang'ono koteroko n'kokwanira kusocheretsa munthu wofufuza m'kaundula.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso loyamba ndi la muyezo. Palibe bungwe limene limagamula kuti malo a chikuto chakutichakuti atsimikizika, ndipo ofufuza sagwirizana kuti zizindikiro zingati n'zokwanira pamene filimu yoyambirira palibe. Ena amavomereza mzere wa mazenera wofanana, ena amafuna chikalata kapena mawu a munthu amene analipo. Anthu oterowo akutha: Wolff, Lion, Reid Miles, Claxton ndi Van Gelder onse anamwalira, ndipo zokumbukira za oimba okalamba pa chithunzi cha mphindi khumi chojambulidwa zaka 60 zapitazo nthawi zina zimatsutsana.

Lachiwiri ndi la mafilimu amene ali m'manja mwa mabanja ndi makampani. Eni ake ali ndi ufulu pa zithunzizo ndipo ena amapezerapo ndalama, pomwe ofufuza amati mbali zodulidwa zija ndi mbiri ya mzinda imene anthu onse ayenera kuiona. Sizikudziwika kuti mbali ziwirizi zidzakumana pati.

Lachitatu likukhudza anthu amene akukhala m'nyumbazo lero. Masitepe a pa East 126th Street ndi khomo la nyumba yokhalamo anthu, ndipo kufalitsa adiresi kumabweretsa alendo ndi makamera pakhomo la munthu amene sanapemphe kutchuka. Komanso popanda kudziwika, nyumba imagwetsedwa mosavuta. Kodi malo amene woimba anangoimapo kuti ajambulidwe ayenera kutetezedwa mofanana ndi malo amene nyimbo zinaimbidwira, kapena amene woimbayo anakhalamo zaka zambiri?

Lomaliza ndi la makompyuta. Masiku ano pali mapulogalamu ofananitsa zithunzi ndiponso oyeretsa chithunzi chakale kuti chioneke bwino. Oyamba aja amafulumizitsa ntchito pamene nyumba ikadalipo, koma achiwiriwa amatha kuwonjezera zenera kapena chilembo chimene kamera ya Wolff sinaone, ndipo ofufuza sanagwirizanebe ngati chithunzi choyeretsedwa motero chingaloledwe kukhala mboni.